Musanagule ka SUV ka petulo, ganizirani misewu ndi kutentha kwa Mangochi

Akonzi,

Tiloleni tidzere m'nyuzipepala yanuyi kuti tilankhule ndi anzathu a kuno ku Mangochi amene akusonkhanitsa ndalama zogulira tigalimoto ta petulo tokwera m'mwamba tija, tomwe masiku ano aliyense akungoti ma SUV. Ife ntchito yathu ndi yokonza galimoto, ndipo chomwe chikutidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akugula maonekedwe osafunsa zomwe zili kunsi kwa galimotoyo. Mphunzitsi, namwino, wamalonda a nsomba, m'bale wathu wochokera ku South Africa, akangoona galimoto yaitali ya matayala akuluakulu amati ya ku Makanjira yapezeka. Chonsecho zambiri mwa galimoto zimenezi anazipangira misewu yosalala ya ku Japan, komwe kulibe fumbi ngati lathuli. Kuno zimakumana ndi dzuwa la Okutobala, mchenga wa kunyanja, chitunda cha Chowe ndi petulo wa m'zigubu. Yomwe ingapirire zimenezi, mwini wake n'kukwanitsa kuisamalira, ndiye yoyenera kuilipira.

Tiyambe ndi matayala omwe amakoka. Si SUV iliyonse yomwe ili 4WD, kutanthauza yokoka ndi matayala onse anayi. Nissan Juke, Honda Vezel, Nissan Dualis ndi Mitsubishi RVR zambiri zofika kuno zimakoka ndi matayala akutsogolo okha, chimodzimodzi Corolla, kungoti zinakwezedwa pang'ono. Ngakhale X-Trail, RAV4 ndi CR-V zilipo za mitundu iwiri. Musadalire pakamwa pa wogulitsa kapena zilembo zomata kumbuyo. Gwadani, suzumirani kunsi. Galimoto yokoka ndi matayala onse imakhala ndi chitsulo chachitali chozungulira, propshaft, chochoka ku giyabokosi kukafika kumbuyo, ndipo pakati pa matayala akumbuyo pamakhala difu, bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala. Mukaona ekizozi ndi thanki basi, imeneyo ndi yokoka kutsogolo kokha. Toyota Rush, yomwenso ndi Daihatsu Terios kapena Be-go, ili ndi zake: ilipo yokoka ndi akumbuyo okha, choncho propshaft mudzaipeza pa zonse. Pa imeneyi yang'anani ngati kutsogolo kuli mashafuti olowa m'matayala, komanso ngati mkati muli batani lokhomera difu yapakati.

Nazo za 4WD sizifanana. Suzuki Jimny ili ndi chesisi yeniyeni ndi giya ya mphamvu ya 4L, ndipo pa mchenga ndi matope palibe inzake mwa tigalimoto tating'onoti. Koma ndi yopapatiza, mipando ndi inayi, malo a katundu ndi ochepetsetsa, ndipo pa phula imadumphadumpha. 4H yake, giya yokokera matayala onse anayi pa liwiro wamba, si yoyendera pa phula louma. Mukaiwala kuichotsa, zitsulo zokokera zimamangika n'kuyamba kudyana. Rush ya 4WD imakoka ndi onse anayi nthawi zonse, batani lija mumalidina pa mchenga ndi matope pokha. X-Trail, CR-V ndi RAV4 ya kuyambira 2005 zimayendera matayala akutsogolo, akumbuyo amangothandiza akutsogolowo akayamba kuterereka. Zimenezi n'zokwanira pa msewu wafumbi wa ku Katuli kapena kwa Nankumba, koma si zolimbana nazo ndi mchenga wakuya kwa nthawi yaitali, chifukwa kachipangizo kopereka mphamvu kumbuyo kakatentha kamadzimasula kokha. Kutalika kuchokera pansi, Jimny, X-Trail ndi Rush ya 4WD zili pafupifupi masentimita 20, pamene Juke ndi Vezel zimacheperako.

Maganizo athu ndi awa. Amene maulendo ake ndi Boma, Monkey Bay, Ulongwe, Liwonde, Zomba ndi Blantyre asataye ndalama pa 4WD: ndi yolemera, imamwa petulo wambiri, ndipo ili ndi oyilo wina wofunika kusintha wa difu ndi wa transfer, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Amene amadutsa Malindi ndi Lungwena m'dzinja asanyengeke ndi Juke, ngakhale itawala bwanji.

Tsopano giyabokosi, komwe kukuthera ndalama za anthu ambiri. Tigalimototi timabwera ndi manual, otomatiki wamba wa magiya anayi kapena kuposa, kapena CVT. Mu CVT mulibe magiya a mano osinthanasinthana. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri omwe amatseguka ndi kupanana, ndipo chomwe chimagwira lambayo kuti asaterereke ndi mphamvu ya oyilo. Oyilo akatentha kwambiri kapena akakalamba, lamba amaterereka n'kukanda mapule, tizitsulo toperesekato timalowa m'mavavu, giyabokosi yathera pomwepo. Ndi ochepa omwe amatsegula CVT n'kuikonza bwino. Kawirikawiri mwini wake amagula ina yathunthu ya kaunjika, yomwenso mbiri yake palibe akuidziwa. X-Trail ya T31 yomwe inayamba mu 2007, Dualis, Juke, RVR, Vezel ya petulo yekha ndi RAV4 ya ku Japan ya kuyambira 2005, zambiri ndi za CVT. Rush, Jimny, Escudo, X-Trail yakale ya T30 ndi CR-V zopangidwa 2011 isanafike zili ndi otomatiki wamba, ndipo ameneyu amapirira nkhanza zambiri. Vezel ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) yopangidwa 2021 isanafike ndi nkhani inanso: giyabokosi yake ndi ya makilatchi awiri, yomwe imatentha mukamakwawa pang'onopang'ono pa chitunda.

Sitikunena kuti CVT isagulidwe. Pa phula imayenda mofewa ndipo imasunga petulo. Koma woigula adziwe malamulo ake. Imafuna oyilo wake yekha: NS-2 pa T31 ndi Dualis, NS-3 pa Nissan zatsopanoko, TC kapena FE pa Toyota, HCF-2 pa Vezel. Oyilo wofiira uja wa ATF, amene ena amangothira mu otomatiki iliyonse, mu CVT saloledwa ngakhale pang'ono. M'kutentha kwathu kuno musinthe pa makilomita 40,000 aliwonse, ndipo wosinthayo ayeze mlingo wake oyilo ali pa kutentha komwe buku la galimoto likunena, chifukwa kuchepa ndi kuchuluka zonse zimawononga. Amene amakwera ku Namwera pafupipafupi aikitse karadiyeta kapadera koziziritsa oyilo wa giyabokosi. N'kotsika mtengo poyerekeza ndi giyabokosi. Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi masana, anthu asanu m'galimoto, n'kufika pa mapindiko a Chowe galimoto n'kufooka mwadzidzidzi, musaumirire kuponda moto. Ikudziteteza. Imani pamalo oonekera, ikani P, injini ilire yokha mphindi 10 kapena 15. Ndipo mukatitimira, kusinthasintha D ndi R matayala akuzungulira ndiyo njira yachidule yodulira lamba uja. Kukoka ngolo kapena boti ndi CVT, ayi ndithu.

Mdani wachiwiri ndi kutentha kwa injini, ndipo apa tikudandaula ndi anzathu ena a ntchito yathu yomweyi. Galimoto ikangofika, ena amathamangira kuchotsa themositati, ati kuno n'kotentha sikufunika. Kumeneko n'kulakwitsa. Themositati imatseguka madzi akafika pafupifupi madigiri 82, ndipo ntchito yake n'kusunga injini pa kutentha koyenera. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, mapulagi amada, oyilo amasungunuka ndi petulo. Pa injini zambiri themositati yomweyo ndi imene imatseka kanjira kachidule ka madzi, choncho ikasowa madzi ena amangozungulira mu injini osadutsa mu radiyeta, galimoto n'kuwira pa chitunda. Ngati injini ikutentha, chifukwa chake chili pena: radiyeta yotsekeka, fani yosazungulira, chivindikiro chofooka, pampu ya madzi yodyeka, kapena themositati yomwe yafa ndipo ikufuna inzake yatsopano.

Madzi othira mu radiyeta ndi nkhani yomwe anthu amaipeputsa. Madzi a pamjigo, maka m'madera momwe amamveka mchere, amasiya miyala m'timapaipi ta radiyeta ndipo amadya aluminiyamu. A m'nyanja ndi a mu Shire ali ndi matope. Gulani coolant wosakaniza kale, kapena sakanizani theka ndi theka ndi madzi oyera aja othira m'batire, distilled water, osati asidi. Coolant amateteza ku dzimbiri komanso amachedwa kuwira. Chivindikiro cha radiyeta chimasunga mphamvu ya 0.9 kapena 1.1 bar malinga ndi zolembedwa pamwamba pake. Mphira wake ukauma madzi amawira msanga, ndiye chisintheni, ndi chotchipa. Pamwamba pa radiyeta zambiri ndi pa pulasitiki yakuda, ndipo ikayamba kufiirira dziwani kuti yatsala pang'ono kung'aluka. Mafani muziyesa chonchi: injini ikulira, yatsani AC, ayenera kuzungulira nthawi yomweyo. Mvula zoyamba zikagwa, ngumbi ndi tizilombo ta kunyanja timamatirira kutsogolo kwa radiyeta pamodzi ndi njere za udzu. Tsukani ndi madzi a paipi osathamanga kwambiri, kuchokera mkati kupita kunja. Galimoto zambiri zatsopanoko zilibe muvi woonetsa kutentha, zili ndi kanyali kabuluu ndi kofiira. Kofiira kakayaka, imani pomwepo, zimitsani, ndipo musatsegule chivindikiro mpaka injini itazizira. Makilomita awiri okha oti ndingofika pa Makawa ndi okwanira kupinda silinda hedi ndi kuotcha gasiketi.

Za injini zenizenizo tinene mwachidule. Rush ili ndi 3SZ-VE ya 1.5, X-Trail QR20 kapena MR20, RAV4 1AZ kapena 2AZ, CR-V K20 kapena K24. Zonsezi zili ndi tcheni cha timing, chogwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapistoni, chomwe chimakhalitsa ngati oyilo akusinthidwa pa nthawi yake. Pajero iO, Pajero Mini, Forester ya injini ya EJ20 ndi CR-V yoyambirira ya B20B zili ndi lamba wa timing, wofunika kusintha pa makilomita 100,000. Ngati palibe umboni woti anasinthidwa, musintheni pamodzi ndi tensioner ndi pampu ya madzi musanayende ulendo wautali. Injini zolembedwa GDI pa Mitsubishi kapena D-4 pa Toyota zimapopera petulo mwachindunji mu silinda. Zimenezi sizigwirizana ndi petulo wakuda, zimaunjika mwaye m'mavavu, ndipo pampu yake ndi yodula. 2AZ-FE ya 2.4 imadziwika ndi kumwa oyilo ikakula, choncho mwini wake aziyeza oyilo sabata iliyonse. Tinjini ta 660cc ta turbo ta Jimny ndi Pajero Mini timagwira ntchito mokakamizika pa msewu wautali. Amene akufuna Jimny yopitira ku Blantyre afune ya 1.3.

Petulo muwerengere musanagule, osati mutagula. Mwa kuyendetsa kwa tsiku ndi tsiku, AC ili yoyaka, ya 1.5 imapereka makilomita 11 mpaka 14 pa lita, ya 2.0 pakati pa 9 ndi 11, ya 2.4 imatsikirapo. Manambala olembedwa pa intaneti ndi a mayeso a ku Japan, musawakhulupirire. Munthu woyenda makilomita 1,000 pamwezi, pa 12 pa lita afuna malita 83, pa 9 afuna malita 111. Malita 28 osiyanawo achulukitseni ndi mtengo womwe MERA yalengeza, kenako ndi miyezi 12, muone ngati malipiro anu akuvomera. Kukula kwa thanki nakonso kuli ndi ntchito mafuta akamasowa: Jimny ndi Vezel malita 40, Rush 50, X-Trail ya T31 65.

Pampu ya petulo imakhala mkati mwa thanki ndipo chomwe chimaiziziritsa ndi petulo yemweyo. Chizolowezi chothira malita atatu tsiku lililonse, kanyali kachikasu kali chiyakire, chimapha pampu. Yesetsani kuti thanki isatsike kupitirira kota. Tikudziwa kuti mafuta akasowa munthu amagula pomwe wapeza, koma petulo wa m'zigubu amabwera ndi madzi, fumbi, nthawi zina palafini. Ngati palibe kuchitira mwina, muthireni kaye m'botolo loonekera, adikhe mphindi zingapo: madzi amakhala pansi, ndipo wosakaniza palafini amasiya mafuta pa chala m'malo mouma msanga. Sefani ndi nsalu yoyera pothira. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Injini zimenezi zimamulandira bwino, koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye galimoto yoimikidwa miyezi ingapo ndi petulo wochepa m'thanki imadzuka ndi dzimbiri ndi pampu yomata. Abale amene mumasiya galimoto pakhomo n'kubwerera kunja, pezani munthu woti aziiyendetsa sabata ziwiri zilizonse mpaka ifunde.

Tsiku lokaona galimoto, pitani m'mawa ndipo muuzeni mwini wake asailize musanafike. Gwirani injini, ikhale yozizira. Injini yofunda imabisa zambiri. Tembenuzani kiyi osaliza: nyali za check engine, ABS, airbag ndi oyilo ziyake zonse, kenako zizime injini ikalira. Yomwe siyaka n'komwe, wina anaichotsa kapena kuimata. Ikangolira mvetserani: kulira kwa tcheni kopitirira masekondi awiri kapena atatu ndi chizindikiro cha kutha. Utsi wabuluu ndi oyilo, woyera wosatha wonunkhira motsekemera ndi madzi. Tsegulani chivindikiro cha oyilo, muone ngati kunsi kwake kuli thovu loyera kapena phala lakuda lolimba. Injini isanafunde tsegulaninso radiyeta, ndipo ngati mukutuluka thovu losalekeza ikamalira, gasiketi yapsa. Pondani buleki, ikani D, kenako R: ikachedwa kupitirira masekondi awiri, kapena ikagwira ndi chigugu, samalani. Yendetsani osachepera theka la ola, chifukwa CVT yodwala imaonekera ikatentha, mwa kunjenjemera pa liwiro la makilomita 20 mpaka 40 pa ola kapena kulira kokwera pamodzi ndi liwiro. Pezani bwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, zungulirani pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Kuthetheka kutsogolo ndi ma CV joint, mfundo za mashafuti olowa m'matayala. Kubuula kumbuyo pa CR-V nthawi zambiri ndi oyilo wa difu wokalamba, ndipo difu imeneyo imafuna DPSF wa Honda, osati oyilo wa difu wamba. Pa Jimny yesani liwiro la 60 mpaka 80 pa mabampu. Chiwongolero chikagwedezeka mwamphamvu, mabering'i a kingpin atha.

Kenako ikwezeni pa dzenje la galaja. Galimoto zambiri za 4WD zimachokera kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndiye dzimbiri limadya kunsi pamwamba pali powala. Gogodani ndi sikuludiraiva pomwe pamangidwa ma shock, pa mapaipi a buleki ndi m'mphepete mwa chesisi. Utoto wakuda watsopano kunsi ukufunika mafunso. Onani ngati catalytic converter, kachipangizo ka pa ekizozi koyeretsa utsi, ilipo, chifukwa ena amaidula n'kuwotchererapo paipi wamba. Lumikizani makina a OBD, oyezera kompyuta ya galimoto, awerenge zolakwika zomwe zasungidwa. Za mayileji, wotchi imabwezedwa mosavuta. Yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, mphira wa pa buleki ndi mpando wa dalaivala. Ngati yangochoka ku Japan, funsani auction sheet, pepala la mayeso a kumsika wa galimoto, ndi export certificate, chikalata choitulutsira m'dzikolo. Pa auction sheet, 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R kapena RA ndi yomwe inachita ngozi n'kukonzedwa, ndipo export certificate imaonetsa makilomita omwe galimoto inali nawo poyesedwa komweko. Makiyi akhale awiri, chifukwa kiyi wa immobiliser, yemwe injini siilira popanda iye, akatayika ali yekha, kupangitsa wina n'kodula ndipo kungafune ulendo wa ku Blantyre kapena Lilongwe.

Oitanitsa okha kuchokera kunja asatengeke ndi mtengo woyamba womwe akuuona pa foni. Umenewo nthawi zambiri ndi wa galimoto ili ku Japan. Onjezerani sitima mpaka Dar es Salaam kapena Durban, zolipira padoko, wokuombolerani, dalaivala ndi petulo mpaka pa Songwe, Dedza kapena Mwanza, ndiyeno msonkho wa MRA, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Funsani ku MRA kapena kwa clearing agent wovomerezeka za galimoto yeniyeniyo musanatumize ndalama, chifukwa yakale yotchipa ya injini yaikulu ikhoza kudzakudabwitsani pachipata. Ogula ya m'dziko momwemuno ayerekeze nambala ya chesisi yosindikizidwa pa chitsulo ndi ya mu blue book, chilembo ndi chilembo. Dzina la mu blue book likhale la amene akugulitsayo, kapena pakhale kalata yomveka. Funsani mapepala a msonkho, chifukwa galimoto yomwe inalowa mosalipira msonkho mwa chilolezo chapadera siingogulitsidwa popanda MRA kudziwa. Apolisi aione kuti si yobedwa, mufufuze ngati siinaikidwe chikole pa ngongole, mulemberane kalata pamaso pa mboni, ndipo kusintha umwini ku Road Traffic muchite nokha pamodzi ndi wogulitsayo, osasiyira madobadoba. COF ndi inshulansi zimatha chaka ndi chaka. Third party imalipira amene mwamuwonongera, osati galimoto yanu. Pa msewu wa M10 wodzaza mbuzi, njinga ndi akabaza, amene wagula ndi ngongole aganizire comprehensive.

Musathere ndalama zonse pa kugula. Siyani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa sabata yoyamba galimoto ikufuna oyilo wa injini ndi fyuluta yake, fyuluta ya mpweya, oyilo wa giyabokosi, wa difu ndi transfer ngati ili 4WD, coolant, oyilo wa buleki, mwinanso mapulagi, batire ndi matayala. Oyilo wa injini zimenezi ndi 5W-30, kapena 10W-40 pa yomwe yayenda kwambiri. Malita ndi pakati pa 3 ndi 4 pa ya 1.5, ndi 4 kapena kupitirirako pang'ono pa ya 2.0. 20W-50 amene ena amakonda ndi wolemera kwambiri kwa injini za VVT, zosintha zokha nthawi yotsegulira mavavu, zomwe timabowo ta oyilo ndi tating'ono. Kuno kwa fumbi sinthani pa makilomita 5,000 kapena miyezi 6, ndipo oyilo wotunga m'mgolo wosalembedwa dzina mupeweni. Fyuluta ya mpweya muziiona mwezi uliwonse m'chilimwe. Kuipopera ndi kompuresa yamphamvu kumaboola pepala lake, fumbi n'kulowa kukapala masilinda ndi kudetsa sensa ya mpweya. Igogodeni pang'ono, ikada igulidwe ina. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.4 mpaka 12.6 injini ili chete, ndipo pafupifupi 14 ikamalira. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire, choncho lomwe labwera ndi galimoto musalidalire pa ulendo wa ku Cape Maclear. Musanalichotse, dziwani kuti mawailesi ena a ku Japan amadzikhoma magetsi akaduka ngati kakhadi kake ka SD kalibe, ndipo FM yake imathera pa 90, ndiye mawayilesi athu ambiri samveka mpaka muikitse kachipangizo kowonjezera.

Matayala obwera ndi galimoto nthawi zambiri amakhala a chisanu, ofewa, a timizere tambirimbiri. Pa phula lotentha la Liwonde amatha msanga ndipo sagwira bwino buleki. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6, ngakhale mano alipo, mphira wake wauma. Funsani mtengo wa saizi yake musanagule galimoto. 215/65R16 ya Rush ndi X-Trail zambiri imapezeka mosavuta, koma marimu a 17 ndi 18 a tayala lopyapyala ndi odula ndipo amapindika m'maenje. Pa 4WD matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndi kutha kofanana, apo ayi difu yapakati imagwira ntchito mosalekeza mpaka kupsa. Vezel ndi zina zatsopano zimabwera zopanda sipeya, zili ndi kabotolo ka guluu basi. Gulani rimu ndi tayala lathunthu, jeke ndi sipanala. Mpweya tsatirani kapepala ka pachitseko cha dalaivala, kawirikawiri 2.0 mpaka 2.3 bar, ndipo muziyeza m'mawa. Pa mchenga wakuya tsitsani kufika 1.5, yendani mosalekeza osakhota mwadzidzidzi, ndipo mukabwerera pa msewu wolimba popani nthawi yomweyo. Kapampu kolumikiza ku batire n'kofunika kukhala nako.

M'dzinja, mtsinje wosefukira si malo oyesera galimoto. Madzi opitirira theka la tayala ndi ambiri kwa ma SUV ang'onoang'ono, ndipo othamanga amakokolola galimoto yopepuka ngakhale asali akuya. Injini ikakoka madzi kudzera polowera mpweya, mapistoni sangawapanikize, ndodo zake zimapindika. Ikazimira m'madzi musayese kuiliza. Ikokedwe, mapulagi achotsedwe, madzi atulutsidwe, oyilo asinthidwe. Ngakhale mwawoloka bwino, difu yotentha ikamira imayamwa madzi. Oyilo wake akaoneka woyererako, musintheni.

Katundu naye. Tigalimototi timanyamula pafupifupi makilogalamu 400, kuwerengera ndi anthu omwe. Akuluakulu asanu atenga kale 350, malo otsala ndi a thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50. Matumba anayi kumbuyo ndi ena padenga amathyola masipuling'i, amaphulitsa ma shock, ndipo galimoto yaitali yopapatiza ngati Rush kapena Jimny ikalemedwa pamwamba imagubuduka mosavuta pokhota. Onyamula chambo kapena usipa wauwisi aike m'mabokosi osadontha, chifukwa madzi a nsomba akalowa pansi pa kapeti amadyetsa dzimbiri ndi kuwononga mawaya, ndipo fungo lake limaitana makoswe, omwe amatafuna mawaya a mu injini. Misewu yokumbika mizeremizere ngati lata imamaliza mabushi, ma stabiliser link, ma ball joint ndi ma tie rod end. Kugogoda kukayamba musadikire, chifukwa ball joint ikazuka tayala limagona pomwepo. Timphira ta ma CV joint muzitiona pa service iliyonse. Kamodzi kakang'ambika, mchenga umalowa mu girisi ndipo joint yonse imatha m'masabata ochepa, pamene kusintha kamphirako ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri.

Potsika Chowe kapena mapiri a ku Cape Maclear, musapondereze buleki njira yonse. Ikani L, 2, S kapena B malinga ndi giya yanu, injini ithandize kugwira galimoto. Oyilo wa buleki, DOT 3 kapena DOT 4, amayamwa chinyezi, ndipo wokalamba amawira mabuleki akatentha, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Musintheni zaka ziwiri zilizonse ngakhale akuoneka woyera. Kutsika pa N pofuna kusunga petulo n'koopsa, komanso sikusunga kanthu, popeza injini za masiku ano zimadula zokha petulo mukachotsa phazi galimoto ili mu giya.

Chotsala ndi masipeya. Musanapereke ndalama, tengani nambala ya chesisi, muzungulire mashopu a pa Boma, muimbirenso a ku Limbe kapena ku Biwi ku Lilongwe. Funsani mtengo wa zinthu izi: mapadi a buleki, shock yakutsogolo, radiyeta, pampu ya petulo, koyilo ya pulagi, galasi lakutsogolo ndi giyabokosi yathunthu. Funsaninso kuti zingafike masiku angati. Za Toyota ndi Nissan zofala zimapezeka msanga, zatsopano ndi za kaunjika zomwe. Za mitundu yosowa, kapena ya turbo yatsopano kwambiri, zimafuna kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, galimoto ili pamiyala pakhomo. Ogulitsa masipeya atatu akapukusa mutu pa galimoto imodzi, funani ina.

Ndife,
Amakaniko okhudzidwa,
Mangochi